Vaneti Yomwe Inapita Kumanda Mokankhidwa

Mukafika ku Linda kuno, komboni yathu ya mu Livingstone, n'kufunsa za vaneti yoyera yomwe inapita kumanda mochita kukankhidwa, musavutike kufunafuna mwini wake. Ndine. Nkhaniyi anthu amaikamba mosiyanasiyana, ena mpaka amawonjezera kuti bokosi linagwa (silinagwe, ndipo amene amanena zimenezo pamaliropo panalibe n'komwe). Ndiye ndati ndiikambe ndekha mmene inayendera, poti manyazi ake ndinawasenza kale.

Vanetiyo, galimoto yotseguka kumbuyo, inali ya malemu bambo anga. Anabwera ku Livingstone kuchokera kwathu ku Katete ali mnyamata, ndipo galimoto imeneyi anaigula ine ndikadali kusukulu. M'kati mwa sabata inkanyamula makala, simenti, mbuzi, chilichonse chomwe munthu wasowa ponyamulira. Koma chimene inkadziwika nacho ndi maliro. Zovuta zikagwa m'dera lathu, anthu sankachita kufunsa kuti thupi tinyamula bwanji. Bokosi linkakhala pakati, azimayi a chigwirizano cha kutchalitchi kwathu n'kukhala mozungulira atagwira zitsulo za m'mbali, n'kumayimba, bambo n'kumayendetsa pang'onopang'ono moti munthu wapansi ankatha kuyenda nawo limodzi. Iwonso atamwalira zaka zitatu zapitazo ananyamulidwa ndi vaneti yomweyo, ndipo anayendetsa ndi mnzawo wa ponda apa n'pondepo, ba Sakala. Tikubwerera kumanda, ba Sakala anandipatsa makiyi, n'kumenya denga la galimotoyo ndi chikhatho.

"Naine ni yamene iyi izanipeleka," anatero. "Wamvela, mwana?"

Ndinamva ndithu. Amayi anamva, mayi Sakala anamva, theka la mpingo linamva.

Tsono ine ntchito yanga ndi yoyendetsa minibasi ya alendo, kuwatenga ku eyapoti kupita nawo kumaloji. Minibasi imeneyi anaiika kachipangizo koletsa liwiro, ndipo ukaponda buleki mwamphamvu pang'ono, mlendo amakalemba dandaulo asanamasule n'komwe chikwama. Tsiku lonse ndimayendetsa ngati ndanyamula mazira, ndikumwetulira. Ndikaweruka n'kukwera vaneti, anthu pamsewu ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Motoka ya ba tata bako ikali na moyo!" Zaka zitatu ndikuigulira mafuta ndi matayala, koma palibe ananenapo kuti ndi yanga. Munthu wa zaka makumi anayi, wa ana atatu, kumawawidwa mtima ndi zoterezi n'zachibwana, ndikudziwa. Koma zinkandiwawa.

Matenda anayambira pafoni. Ndikudikira ndege yochedwa, ndinayamba kuonera mavidiyo a anthu akunja omwe amatenga mavaneti akale n'kuwasandutsa zilombo. Mwezi usanathe ndinali nditadziwa mayina a zinthu zomwe sindinazigwirepo chibadwire, ndipo Loweruka lina ndinalowa nayo vaneti pabwalo la ba Mubita, mnzanga wowotcherera zitsulo yemwe amadziwanso za mainjini.

Tinayamba ndi sailensa, chija chimachepetsa phokoso la utsi. Tinachidula n'kuwotchererapo paipi yowongoka, yonenepa ngati mkono wanga. Loweruka lotsatira tinaika kabuleta yaikulu yomwe ndinaipeza kwa ogulitsa zitsulo zakale, kuti injini izimwa petulo mosaumira. Kenako ndinaona kuti kumbuyo kwakwera kwambiri ngati galimoto ya kumunda, ndiye tinasolola masipuling'i awiriawiri mbali iliyonse kuti ikhale pansi. Zitsulo za m'mbali zija, zogwira azimayi, ndinati zikulemera chabe, tinazidula. Zonsezi ba Mubita ankachita akuimba mluzu. Pamene anaika sipanala pansi m'pamene ndinawauza kuti tichotse fani yoziziritsa injini, chifukwa munthu wina pavidiyo ananena kuti fani imadya mphamvu.

"Mudala, fani yeve isiyeni," anatero. "Uja muzungu wanu ankhala ku malo ya mphepo. Kuno ni ku Livingstone, zuba yake siseka na munthu."

"Ba Mubita, imwe masulani chabe. Motoka ikathamanga, mphepo ni ya mahala, sitilipila."

"Nanga ikayenda pang'ono?"

"Nindani akonza motoka kuti iziyenda pang'ono?"

Anatolanso sipanala n'kumasula. (Mpaka lero ba Mubita akaledzera amabwereza funso langa lija, mawu ake ndi kaimidwe kanga komwe, ndipo anthu amaseka mpaka kugwira m'mimba.)

Amayi timakhala nawo pabwalo limodzi, iwo m'nyumba yaikulu, ine ndi banja langa m'nyumba yakumbuyo. Masiku onse amanditchula kuti atate ake Chisomo, koma ndikalakwa ndimabwerera kukhala iwe. Tsiku lina anapeza zitsulo zija nditazibisa kuseri kwa khola la nkhuku.

"Atate ake Chisomo, zitsulo izi si za galimoto ya abambo anu?"

"N'zakutha, amayi. Ndikuikonza kuti izigwira bwino ntchito."

"Nanga kulira kuja? Nkhuku zasiya kuikira."

"Injini ikali kuzolowera."

Anangoti "Oho," n'kulowa m'nyumba. Ndinawanamiza amayi anga masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mtima sunandigunde n'komwe.

Ndisakunamizeni, galimoto ija inkathamanga. Lamulungu lina masana ndinatuluka nayo mumsewu wopita ku Kazungula, n'kuponda mpaka pansi. Mitengo inkangoti zii kudutsa, chiwongolero chikunjenjemera m'manja, ine ndikukuwa ndekha m'galimoto ngati wopenga. Pobwerera ndinadzera dala mu Mosi-oa-Tunya Road, ndipo anthu m'makhonde a mashopu ankatembenuka. Pamalo omwetsera mafuta, munthu wothira petulo anazungulira vaneti yonse n'kundifunsa kuti, "Boss, iyi ni yanu?" Ndinayankha kuti inde, ni yanga. Chimwemwe chimene ndinamva tsiku limenelo chinali chenicheni, ndipo ngakhale pano sindichikana.

Patangopita milungu itatu, m'mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake, ba Sakala anamwalira. Amayi anabwera kuchokera kunyumba ya maliro Lachinayi m'mawa, maso ali psuu, n'kuima pakhomo panga.

"Loweruka munyamula ba Sakala. Ana awo amafuna kubwereka galimoto ya maliro ya m'tauni, koma amayi awo akana. Akuti mawu a malemu aja akuwakumbukira."

Apa m'pamene ndinayenera kulankhula. Ndinali ndi masiku awiri athunthu, masipuling'i anali kuseri kwa khola, fani inali kwa ba Mubita. Koma kubwezera zonsezo kunali kuvomera kuti ndinawononga, ndipo mtima wanga sunafune. Ndinadziuza kuti ntchito yake ndi kungoyenda pang'onopang'ono basi, galimoto iti inalepherapo zimenezo? Vuto lokha lomwe ndinaliona linali phokoso. Ndiye Lachisanu ndinagula mipukutu isanu ndi umodzi ya sitiliwulu yokwechera mapoto, n'kuikankhira m'paipi ndi mpini wa tsache. Nditaliza injini, inalira mofatsa ndithu. Ndinadziyamikira kuti mutuwu umagwira ntchito.

Kuchoka kumotchale kupita kutchalitchi zinayenda bwino, chifukwa kumbuyo kunali bokosi ndi amuna awiri okha, ndipo tinkayenda liwiro la magalimoto ena onse. Zinthu zinayamba mwambo wa m'tchalitchi utatha. Bokosi analikwezanso m'vaneti, azimayi asanu ndi mmodzi a chigwirizano anakwera atavala yunifolomu zawo zoyera, amayi anga ali mtsogoleri wawo. Aliyense akamakwera ndinkamva galimoto ikutsika. Mayi wina anatambasula dzanja kufuna chitsulo chogwira, n'kugwira mphepo. Amayi anayang'ana pomwe panali zitsulo paja, n'kuyang'ana ine. Mayi Sakala anawakhazika kutsogolo pambali panga, atafunda chitenje kumutu.

Ndinaliza injini. Chifukwa cha kulemera kuja ndinaponda mafuta kwambiri kuti tinyamuke, ndipo kumbuyo kunamveka phuu! Sitiliwulu yonse inatuluka kamodzi, ili lawilawi, n'kukagwera pamapazi pa mkulu wa mpingo yemwe ankatsogolera anthu kukakwera mabasi. Bambo wachikulire uja anadumpha mmene sindinaganizire kuti angadumphe. Kuyambira pamenepo paipi inatseguka kukhosi, ndipo nyimbo yomwe azimayi anali atangoiyamba inamira yonse. Pagalasi ndinkaona milomo yawo ikuyenda, mitsempha ya m'khosi itatuluka, koma chomwe chinkamveka ndi ine ndekha.

Tinalowa mumsewu, mabasi, lole ndi magalimoto ena ali pambuyo atayatsa nyali. Apa ndinaphunzira kuti kabuleta yaikulu sidziwa ulemu. Ndikachepetsa mafuta injini inkafuna kuzima, ndikawonjezera galimoto inkalumpha. Ndiye ndinkayenda ndi kilatchi, phazi lina pamafuta, vuu, vuu, ngati ndikuitana mpikisano. Anthu m'mbali mwa msewu, omwe mwa mwambo amaima n'kuvula zipewa maliro akamadutsa, ankavula ndithu, koma pakamwa pali yasa. Azimayi kumbuyo, posowa chogwira, anagwira bokosi.

Kenako hampu yoyamba, kachitunda kaja kochepetsa liwiro pamsewu. Ndinaikwera mopendeka mmene ndinaonera pavidiyo, koma pansi panamveka kukhulika kwa chitsulo, vaneti n'kukhala pamwamba pa hampu, osapita kutsogolo, osabwerera. Ndinatsika, thukuta lili kamukamu, n'kupita kumbuyo manja ali pamodzi.

"Azimayi, pepani, mwina mutatsika pang'ono kuti tidutse apa."

Anatsika onse asanu ndi mmodzi, ena mochita kugwiridwa dzanja, ndinadutsa, anakweranso. Pahampu yachiwiri chimodzimodzi. Pofika yachitatu amayi anati sakweranso, ayenda pansi, ndipo anzawo anawatsatira. Ba Sakala anatsala okha kumbuyo, chinthu chomwe kwathu sichichitika. Nthawi yonseyi mayi Sakala anali chete pambali panga. Ndinkalakalaka atanditukwana.

Titasiya tala n'kulowa mumsewu wa mchenga wopita kumanda, analankhula koyamba.

"Mwana wanga, pali vamene vinunkha."

Ndinayang'ana kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini, kali kofiira mpaka kumapeto. Dzuwa linali paliwombo, tinali titayenda liwiro la munthu wapansi pafupifupi ola lathunthu, ndipo mphepo ya mahala ija kunalibe. Nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti, injini inatsokomola kawiri, n'kuzima. Bata lomwe linagwa pamenepo sindidzaliiwala. Mitengo ya kumanda inkaoneka patsogolo, mtunda woti munthu n'kuyenda mphindi makumi awiri.

Anthu anatsika m'mabasi n'kutizungulira. Ba Mubita, omwe anali nawo pamaliropo, anatsegula boneti ndi nsanza, n'kuitsekanso, poti onse awiri tinkadziwa chomwe munalibe. Mwana wamkulu wa malemu, wochokera ku Lusaka, anafika nkhope itachita mdima.

"Ni manyazi ya bwanji iyi? Tinakamba ise ati tibweleke motoka ya bwino! Amuna, nyamulani bokosi, tiike mu lole."

Sindikanamutsutsa, chifukwa ankanena zoona. Amuna anayi anali atagwira kale zogwirira za bokosi pamene mayi Sakala anatsitsa galasi.

"Musiyeni mwamene alili," anatero, osakweza mawu. "Banakamba beka ati ni iyi izabapeleka. Zaka zonse sininabamvelele vambili, koma ichi chimozi nizachita."

Anthu anayang'anana. Amayi anga ndi amene anadula nkhani.

"Mwamva. Amuna, kankhani. Ba Mubita, gwirani chiwongolero." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, vula jekete."

Ndinavula. Anandiika kumbuyo pakati penipeni, nkhope yanga moyang'anizana ndi bokosi, ndipo tinayamba kukankha. Matayala otakata omwe ndinkanyadira aja ankamira mumchenga, moti tinkayenda mapazi khumi n'kupuma. Azimayi anayenda m'mbali, aliyense dzanja lili pagalimoto, n'kuyambanso nyimbo ija. Ulendo uno inamveka yonse, mawu aliwonse, ndipo anthu a m'mabasi anasiya mabasi awo n'kumayenda nafe akuvomera.

Ndikukankha choncho ndinayang'ana amene anali pambali panga. Kumanja kunali mkulu wa mpingo uja, nsapato zake zakutchalitchi zikuterereka mumchenga. Kumanzere kunali bambo wina yemwe mkazi wake ananyamulidwa ndi vaneti yomweyi ine ndili mnyamata, ndipo kupitirira apo wina yemwe inamunyamulira ana awiri. Pafupifupi aliyense amene anaika phewa pagalimotopo anali atayendapo pambuyo pake akulira. Ine ndinkadandaula kuti anthu sakunena kuti ndi yanga, osadziwa kuti ngakhale bambo sinali yawo okha. Palibe anandinyoza, palibe anandiyang'ana n'komwe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama. Ndinalira, ndipo poti panali pamaliro, anthu anaganiza kuti ndikulira ba Sakala. Mbali ina ndinkawaliradi.

Tinafika. Ba Sakala anatsitsidwa m'vaneti yomwe anaisankha, mochedwa ndi ola limodzi ndi theka. Mwana wawo wa ku Lusaka sanandipatse moni, ndipo sindimuimba mlandu. Mayi Sakala, pamene ndinakagwada kuti ndipepese, anangondigwira pamutu n'kunena kuti, "Bafika, mwana wanga. Nyamuka."

Amayi anakhala masiku atatu osandilankhula. Tsiku lachinayi anandipeza ndikusolola zitsulo kuseri kwa khola, n'kukhala pampando wawo pamthunzi.

"Iwe, ukudziwa chimene chinandipweteka?"

"Ndinakuchititsani manyazi, amayi."

"Manyazi amatha. Unandinamiza, koma nazonso ndakulera, ndikudziwa. Chinandipweteka n'choti ndikuyenda pansi paja ndinkawerenga amene tatsala. Abambo ako anapita, ba Sakala apita. A msinkhu wathu amene tinabwera kuno limodzi, tatsala ine ndi mayi Sakala." Anakonza chitenje pamaondo. "Ine sindifuna kukankhidwa. Ndakhala ndikuyimbira anzanga kumbuyo kwa galimoto imeneyi zaka zonsezi, ndipo tsiku langa ndikufuna azimayi akhale pambali panga, osati aziyenda pansi. Nthawi yoikonza uli nayo, koma usaiyese yambiri."

Ndinafuna kunena zija timanena tonse, zoti amayi musalankhule choncho, mukadali ndi mphamvu. M'malo mwake ndinanyamula zitsulo zija n'kupita nazo kwa ba Mubita.

Tinagwira ntchito ma Loweruka anayi ndi ba Mubita. Injini inali itapsa gasiketi, tinaisintha. Fani inabwerera, masipuling'i anabwerera, kabuleta yakale tinaitsuka n'kuibwezera, sailensa tinachita kulumikiza zidutswa. Titamaliza, amayi anati akufuna kuiyesa okha. Ndinawatsegulira chitseko chakutsogolo, iwo anapukusa mutu.

"Kumeneko si kumene ndidzakhale. Bweretsa mpando."

Ndinawakweza kumbuyo, pampando wawo wapulasitiki, ambulera ili m'manja, ndipo tinazungulira Linda yense masana, anthu akutiyang'ana. (Mukamva ena akunena kuti amayi anga anayamba kusokonezeka mutu, nkhani yake ndi imeneyi.) Tinakwera mahampu atatu aja popanda kukhula pansi. Pena ndikawonjezera liwiro pang'ono, ankagogoda pagalasi ndi chigwiriro cha ambulera, ine n'kuchepetsa. Titabwerera pabwalo ndinawatsitsa, ndipo anayenda mozungulira galimoto akugwedeza zitsulo za m'mbali zomwe tinawotchereranso. Anaima kumanzere, pomwe chitsulo chimodzi chinali chisanabwerere.

"Yayenda bwino, atate ake Chisomo. Mukaika ichi ndiye kuti yatha, ine mtima ukhale pansi."

Papita miyezi isanu tsopano. Chitsulocho ndili nacho, ndinachipaka kale penti, ndipo kuchiwotcherera ndi ntchito ya mphindi khumi. Maliro awiri omwe ndanyamula chichitikireni zija, mbali imeneyo ndimamangapo chingwe cholimba, azimayi n'kumagwira chimenecho. Ba Mubita andifunsa kangapo kuti tikuchedweranji, ine ndimangoti ndatanganidwa. Ndikudziwa kuti imfa siyang'ana ngati galimoto yakonzeka, sindine mwana. Koma nthawi iliyonse ndikanyamula chitsulo chija kuti ndipite nacho, manja amalemera, n'kuchibwezera pansi.

Mwina mumayembekezera kuti ndinene kuti ndinaphunzira kusanamiza amayi anga. Dzulo lomweli anandifunsa, akusankha nyemba pakhonde, ngati vaneti yatha.

"Ikadali pang'ono, amayi," ndinatero.

Anandiyang'ana, n'kubwezera maso m'lichero.

"Oho," anatero. "Ndidikira."